Mabowo Khumi ndi Awiri

Lachitatu, choko chitatsala pang'ono kundithera m'manja,
ndinajambula pabolodi mabafa a Aroma:
chipinda chotentha, chofunda, chozizira,
ngalande za utsi pansi pa miyala,
akapolo akusonkheza moto kumene osamba sawaona.
Ndinati lero pangotsala zipilala,
ndipo anthu amakwera ndege
kukaona pomwe ena ankakhulira zidendene zawo.

Tisiyenji Daka, wa mpando wakumbuyo,
amene mawu ake sindinawamve chaka chonse,
anakweza dzanja.
"Aphunzitsi, ngati kuseri kwa nyumba yathu?"
Kalasi yonse inafa ndi phwete.
Inenso ndinaseka. Ndikuvomera.

Koma Loweruka ndinatsika basi ku Matero.
Ndinadutsa ogulitsa makala, wowotcherera mageti,
tchalitchi cha malata chikuyesa zokuzira mawu,
mpaka mwanayo anaima n'kunena kuti, ndi pano.

Denga palibe.
Makoma ena afika m'chiuno, ena m'khosi.
Mipope anazula kalekale, pangotsala mabowo
khumi ndi awiri, pamzere,
ngati m'kamwa mwa munthu woguluka mano tsiku limodzi.
Posambira amuna pamera mpapaya.
Kwa akazi nkhuku ikufungatira mazira,
inandiyang'ana ndi diso limodzi.
Simenti yapansi idakali yoterera,
yopendekeka pang'ono kuloza kudzenje,
ikudikirabe madzi.

Bambo ake aakulu, a Yotamu, anatuluka atakolekera malaya paphewa.
"Kiyi ndinkasunga ine.
Folo koloko m'mawa ndatsegula kale.
Oyamba anali a kunjanji,
kenako alonda ochokera kuntchito yausiku, maso ali psuu.
Sopo mmodzi ankadutsa m'manja asanu.
Apa Mtonga ankayambitsa nyimbo,
Mlozi n'kumuvomera osadziwa n'komwe mawu ake.
Apa munthu anapeza ntchito ali chibadwire, thovu lili m'maso.
Wina anamvera pomwepa kuti mkazi wake wachira, mapasa,
anathamanga ndi nsapato imodzi.
Wovula alibe udindo, aphunzitsi.
Kapitawo ndi wosesa, mchombo ndi umodzimodzi."

Ndinafunsa kuti chinagwetsa n'chiyani.
Mabuku anandizoloweretsa nkhondo,
moto, chivomezi, adani otsika kumpoto.
Iwo anakanda chibwano.
"Mpope umodzi unayamba kudontha.
Tinalemba kalata."
Ndinadikira.
"Basi," anatero.

Pakhoma la pakati, poti nkhungu sinafikepo,
wina anakanda ndi msomali:
ESINATI NDIDIKIRE PANJA.
Chaka chinafufutika.
Ndinayendetsa chala m'zilembozo.
Kwa Aroma akanaphimba ndi galasi,
akanaika mlonda wa chipewa ndi chikwangwani chofotokoza.
Kuno mbuzi imakhulapo nthiti.
Kaya Esinati anadikira.
A Yotamu akuti a Esinati analipo atatu.

Tsidya la msewu zigubu zachikasu zandanda
kuyambira pakampope ka ndalama mpaka pagolosale.
Eni ake akhala pamthunzi,
aliyense akulondera chake ndi maso,
ndipo palibe akuimba.

Madzulo kwanga ku Chilenje
mpope unangotsokomola mpweya.
Ndinasamba theka la ndowa,
nditanjuta, chitseko chokhoma, ndekha,
ndikuwerenga makapu ngati ngwee.
Otsala ndinasungira chimbudzi.
Msana pakati, pamene dzanja silifika,
panakhala pouma,
ndipo ndinaganiza za manja asanu aja.

Lolemba zipilala zanga zinali zidakali pabolodi,
wina atazijambulira ndevu.
Sindinafufute.
Ndinaitana Tisiyenji, ndinamupatsa kachoko kotsala.
Anaima nthawi yaitali, msana uli kwa ife.
Kenako pambali pa Aroma
anayamba kujambula mabowo, limodzi limodzi,
milomo ikuwerenga,
ndi mpapaya,
ndi nkhuku imene inaoneka ngati ketulo.

Wina kumbuyo anayamba kuseka.
Mnzake anati, khala chete iwe,
pamenepo ndimapadziwa,
mayi anga amayanikapo zovala.