Nambala 47

Wogula wachokera ku Duluth ndi ngolo yake,
akufunsa ngati tinaipentapo.
Ayi. Dzimbiri ndi lomwelo,
chitseko chopindikacho
n'cha mpikisano wa chaka chimene Marlys anabadwa.

Delbert ankati adzaikonza chisanu chikatha.
Chisanu chatha kamakumi anayi.
Mbewa zinaswerana mumpando wake,
matayala anaphwa, kagalimoto n'kugwada.

Mnyamatayo wagona chagada, akuunika kunsi ndi tochi.
"Musaipukute, mayi, fumbi lomweli ndi ndalama."
Ndaseka.
Ine zaka zonsezi ndimachita nalo manyazi.

Tawerengerana ndalama pa boneti.
Chipewa cholimba chokha ndabisa kukhitchini,
mudakali kafungo ka tsitsi lake.

M'galaja mwatsala banga la oyilo
ndi mizere iwiri yolowera kumsewu.