Wa Fotokope ku Chikanda

Ndili ndi chitseko chimodzi ku Chikanda,
makina otsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe,
ndi kope la ngongole lonenepa kuposa ine.
Pachitseko ndinalemba kuti: Ngongole mawa.
Mwana wina wophunzira malamulo anawonjezera pansi ndi bolopeni:
Mawa lafika.

Kuno chaka sitiwerengera mvula.
Timawerengera zikwama.
Zikangoyamba kutsika minibasi pa depoti,
zokoka zija, tayala limodzi lothyoka,
dzira limakwera mtengo lisanaikiridwe,
Che Ajasi amapopa njinga ya kabaza mpaka mpope kutentha,
mayi Nasibeko amasamutsa nkhuku m'khola,
kupaka laimu, kukhoma loko,
n'kulitcha hositelo.

Mabuku a pa Chirunga ndawawerenga onse,
koma chadodolido, tsamba limodzilimodzi,
kuwala kukuyenda pansi pa chikhatho changa.
Ndikudziwa kuti Filosofe imatha inki.
Ndikudziwa kuti Masamu amagogoda usiku, mayeso ali mawa.
Kalata yachikondi siipangidwa fotokope,
kupatula ya Gomezgani, amene anapempha zitatu
ndipo anandiuza kuti malo a dzina ndiphimbe ndi kapepala.

Pa Mpondabwino, a Pulofesa Chingwalu,
amene dzina lawo limakwera ndege chaka ndi chaka,
anakangana ndi Abiti Mdoka theka la ola
pa nkhani ya tomato mmodzi wa basela.
Anagonja.
Madokotala adzaza tauni ino, ena amaguliramo makala,
koma usiku umene mwana wanga anatentha thupi
woyandikana nane anapepesa pa zenera:
Ine ndine dokotala wa miyala, achimwene.

Apusi a ku Mulunguzi salipira fizi
koma sajomba.
Wina analanda Tiyamike chimanga chootcha
n'kukadyera pamwamba pa mtengo, akumuyang'ana m'maso
ngati mphunzitsi wobweza pepala lolakwa.

M'mwezi wa Juni phiri limafunda nkhungu, limasowa,
tauni imatsala ngati mutu wovulidwa chipewa.
Anyamata a sitiroberi amatsika ndi timbale,
zofiira pamwamba, zobiriwira zitabisala pansi.
Sindiwaweruza. Ndaonapo maasainimenti.

Pali masiku a utsi wokhetsa misozi.
Mphepo sifunsa chiphaso.
Timalira tonse mofanana,
wophunzira, wa chipisi, mbuzi ya eni,
ngakhale wapolisi mwini wake mphepo ikatembenuka.
Madzulo ake amakumana pa chiwaya chimodzi,
kupemphana mchere.

Kenako holide.
Chikanda amakhala chete mpaka kumva Likangala akudzilankhulira.
Nkhuku zimabwerera m'hositelo.
Ine ndimapukuta galasi la makina kawiri pa tsiku
ngati munthu wosesa bwalo la mlendo amene sananene tsiku lobwera.

Dzana kunabwera Ndaziona, atavala mkanjo wakuda,
chipewa cha ngodya zinayi chitapendekeka,
nsapato zazitali zili m'manja chifukwa cha matope athu.
Kumbuyo kwake bambo ake, jekete lobwereka, manja aafupi,
mayi ake atanyamula nkhuku yoti apatse
aliyense amene anathandiza mwana.
Anatulutsa pepala lolimba lija:
Mundipangire makumi awiri, ankolo, ndikagawe m'maofesi.

Kwa nthawi yoyamba ndinayamba ndawerenga choongoka
ndisanaligoneke pagalasi.
Dzina lomwelo lili pa tsamba lachisanu la kope langa,
zikwi zitatu ndi mazana awiri, kuyambira chaka choyamba.
Ndinakankhira kopelo pansi pa mapepala.
Bambo anafunsa: Sanakuvuteni mwanayu?
Ndinati: Ayi, ameneyu ayi.

Magetsi anazima titafika pa pepala lachisanu ndi chiwiri.
Tinakhala pakhonde, tonse anayi ndi nkhuku,
kudikira.
Minibasi inadutsa kumtunda, itasenza zikwama zina.