Utoto Wofiira

Anandilemba ganyu ya masabata atatu:
chitini cha utoto, tepi yoyezera, fomu ya mizere isanu.
Kuchokera pa Namwera kulowera ku Katuli
ndiwerenge zonse zimene phula lidzadye.

Mibawa khumi ndi iwiri.
Zimbudzi zisanu ndi zinayi.
Okala ya Che Ajibu, yonse.
Khonde la mzikiti, theka.

Pa kilomita yachinayi Abiti Mdoka anandigwira mkono.
"Walemba chiyani pamenepo?"
Mango, waukulu, wobereka.
"Lembanso kuti pansi pake pali michombo itatu.
Awiri ali ku Joni.
Winayo wagona kuseri uko."
Ndinayang'ana fomu:
mtundu, msinkhu, mwini, mtengo wa mtengowo.
Mzere wa michombo panalibe.
Ndinailowetsa mu "zina ndi zina", ndi pensulo,
kenako ndinapaka thunthu utoto
iwo akundigwirira chitini.

Pakhwawa injiniya analoza mapu: apa kalavati.
Twaibu wa kabaza anaseka mpaka kutsamira njinga.
"Madzi a Febuluwale sawerenga mapu, bwana.
Amadzera uko, m'dimba la eni ake."
Bwana anagwedeza mutu. Cholembera chinali m'thumba.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, akuluakulu pamadesiki a ana.
Tinafotokoza za fumbi, za kukokoloka kwa nthaka,
za achule a m'dambo.
Twaibu anaimirira, osaseka tsopano:
"Mlongo wanga anachirira pamatope apo,
ine nditagwira tochi.
Mwana sanalire.
Inu mukuwerenga achule?"
Palibe anaomba m'manja.
Abiti Mdoka anayang'ana pansi nthawi yaitali
ndipo anali oyamba kudinda chala.

Lipoti linapita ku Lilongwe, masamba mazana awiri, m'Chingerezi.
Linabwerera: ndime ya madzi njoperewera.
Linapitanso.
Akuti likudikira chidindo.
Akuti wa chidindo ali kumsonkhano.

Dzinja lachitatu lino.
Che Ajibu sanafolerenso okala,
pakuti nyumba ya chizindikiro saikonza:
chipukuta misozi chinawerengedwa kale
pa malata akale.
Shuga amamuika m'ndowa.

Dzulo ndinadutsako pa lole ya matola.
Khungwa lameza utoto wanga,
patsala kachipsera ngati ka katemera.
Mtengowo wabereka mopanda manyazi,
nthambi mpaka kukhudza pamene padzadutse mzere woyera.

"Wa utoto uja!" anakuwa mayiwo.
"Msewu wausiya kuti?"
Ndinati ukubwera.
"Ubwere. Koma udikire ndithyole kaye."
Anandiponyera mango anayi pamwamba pa matumba,
ndalama anakana.

Ndinadya awiri tikutsika mapiri a Chowe.
Mpaka pa mlatho wa Shire
ndinali ndikulimbanabe ndi ulusi m'mano,
sukuchoka.