Mpanda wa ku Avondale

Magetsi ku Mufakose amabwera anthu atagona,
monyang'ama, ngati munthu wa ngongole.
Ndadzuka nawo, bulangete pa phewa,
laputopu pa thabwa lositira zovala,
mahedifoni omata ndi selotepi kumanzere.

Nyimbo ya Mwatitha yagona chagada pa sikirini,
mapiri ndi zigwa zobiriwira.
Mwini wake anati: ikalire kuposa za anyamata a ku Mbare,
woitanira kombi pa Copacabana asamveke.

Muli mabatani okonzeratu umu, lililonse ndi dzina lake.
Anawatchera munthu amene sanamvepo
mmene besi imanjenjemeretsera malata athu.
Ndadina limodzi.
Ha! Yafufuma ngati mandasi m'mafuta,
mita yafiira psuu.

Kompuresa ndi kapitawo wosaseka:
wamtali werama, wamfupi ponda pa njerwa.
Zimene tinabisa zonse zatulukira poyera,
galu wa kwa a Chinembiri,
wilibala ya zigubu yochokera ku mjigo,
malovu amene Mwatitha anameza
asanatchule dzina la mwana wake.

Kenako limita.

Bambo anga anameta mpanda wa eni ake ku Avondale
zaka makumi awiri ndi zitatu.
Nthambi ikangotukula mutu, khwapu!
Pamwamba pake panali see ngati tebulo,
odutsa ankaima kuyamikira,
koma duwa silinaphukepo.
Usiku uno chometera chawo chili m'manja mwanga.
Mapiri aja aphwathalala,
nyimbo yasanduka njerwa.

Ikulira, sindikukana. Foni ingaikonde.
Koma pamene iye ananong'ona
ndi pamene anakuwa mpaka mitsempha kuima,
pano n'chimodzimodzi.

Ndamasula lamba, bowo limodzi.
Linanso.
Ng'oma yapuma, yabweza mimba yake.
Ndayesa pa wailesi ya malemu amayi,
ndayesa pa foni yosweka galasi,
koma makutu amanama ikakwana folo koloko.

Mawa adzafunsa: bwanji ikumveka yotsika?
Ndidzati, uli ndi chala, kweza wekha.
Mwinanso ndidzachita mantha
n'kumutumizira yanjerwa ija.
Ndasunga zonse ziwiri:
ina ndalemba "yomaliza",
ina "yomaliza yeniyeni".

Firiji yakhosomola, yati zii.
Magetsi apita osatsanzika.
Mu mdima muno mwatsala kambalame kolira m'khutu langa,
ndi wilibala yoyamba, panja,
ikulira mmene ikufunira.