Mtengo wa Dontho

Mpope wa kukhitchini wakhala ukudontha
kuyambira sabata imene tinaika Fergus m'manda.
Usiku ndinkawerenga: tho, tho,
mpaka basi yoyamba ya ku Govan itadutsa.

Lachiwiri kunabwera a Rennie ndi bokosi lawo lofiira.
Asanavule n'komwe jekete yonyowa ndi mvula ya m'Glasgow
anati: mapaundi makumi asanu ndi limodzi,
amenewo ndi ongogogodera pachitseko.
Ola lililonse, makumi anayi pamwamba.
Ndinaseka, ndimayesa nthabwala.
Iwo sanaseke.

Anagwada kunsi kwa sinki,
mawondo akulira ngati chitseko cha kuchipinda,
chimenenso chikudikira tsiku lake.
Mphindi khumi ndi ziwiri basi.
Anatulutsa kamphira kakuda kong'ambika,
kosaposa mphete ya pachala changa.
Kameneka, mayi, n'ka mapeni makumi awiri.

Ndinalipira osawiringula.
Penshoni ya mwezi uno yabenthuka.

Atapita ndinatenga pensulo,
kuseri kwa lisiti n'kuyamba kuwonkhetsa
zaka makumi anayi ndi zitatu:
mashelefu, denga la chaka cha chimphepo chija,
loko ya kubafa imene anaikonza katatu akutukwana,
zenera limene Elspeth anaswa ndi mpira.
Pepala linandithera.

Fergus, mwamuna iwe,
sunandilembereko bilu.
Ndinkakulipira tiyi wozizira
ndi mawu akuti, ukuchedwa nazo bwanji?

Kamphira kaja ndakaika m'dilowa ya masupuni.
Mpope uli zii tsopano.
Tulo ndiye ayi ndithu,
ndasowa choti ndiziwerenga.