Chitini cha Pansi pa Mpando

Potsika ku Chawe, injini ikupuma,
pansi pa mpando wanga pankangoti gobede gobede,
ngati timiyala m'chitini cha mkaka.

Ku Chinamwali, Che Ajibu analowa chagada,
nagogoda paipi ndi sipanala.
"Katalitiki," anatero.
Ine ndinamva Katolika,
ndati galimotoyi sinabatizidwe.

Sanaseke.
"M'katimu muli chisa ngati cha njuchi. Chaphwanyika.
Mahampu a ku Matawale aja
mumawalumpha ngati mukuthawa angongole.
Mapulagi munasintha liti?
Petulo wa m'zigubu musiye.
Fungo la dzira lowolali si la kumsika ayi."

Ndinalipira theka.

Tsopano ndimayenda mwakachetechete, wailesi yotseka,
akabaza akundipitirira,
khutu lili pansi,
monga ndinkamvetserera chifuwa cha bambo
usiku, chaka chawo chomaliza.