Chigumu Chachinayi

Choyamba chinatuluka mu uvuni ngati njerwa.
Dingase anachigogoda ndi supuni, chinayankha,
ndiye akuti tichisunge, tidzayambire maziko
a nyumba ija timangoikamba ya ku Lunzu.

Chachiwiri ndinachulutsa soda.
Chinafufuma modzitama, kenaka n’kugwa pakati
ngati munthu amene wangouzidwa kuti lendi yakwera.
Tinachimeza ndi tiyi, osayang’anana.

Chachitatu sindikamba.
Mukafunse alamu ya utsi ili kudengayo,
inakuwa ngati yaona mfiti,
ine ndili pampando kuikupiza ndi kansalu kopukutira mbale,
mazenera onse pululu, mu Januwale, ku Wolverhampton,
mpaka Mayi Halina a m’chipinda chapansi anakwera masitepe
sokosi imodzi kuphazi, ina kumanja,
kudzafunsa ngati tili moyo.

Lero Lachiwiri, sindikupita ku ntchito.
Mvula ya kuno, yopanda bingu, yopanda fungo la dothi,
ikungonyambita galasi.
Nthochi zisanu ndinagula dzulo usiku pochokera ku shifiti,
zamawangamawanga, zomatidwa kapepala kachikasu,
mapeni makumi awiri zonsezo.
Eni sitolo akuti zatha ntchito.
Ine ndikuti ndiye zangopsa kumene.

Ufa ndi wa pashopu ya a Dhillon pa Dudley Road,
wachikasu, wokhakhala m’zala,
si mgaiwa, koma msuweni wake.
Muyeso ndilibe. Achemwali ku Ntcheu pafoni anangoti,
“Umangoona ndi maso, dzanja limadziwa lokha.”
Dzanja langali limadziwa kutembenuza nkhalamba pabedi,
kuimeta ndevu, kuimanga mabatani a malaya.
Za ufa lili sitandade wani.

Ndakanya, ndathira mchere wa nsonga za zala,
soda theka la kasupuni, basi, ndalapa.
Ndapaka mafuta m’chitini, ndatseka uvuni
ngati wogoneka khanda.

Tsopano kudikira.
Ndakhala pansi, msana kutsamira fuliji,
kuonera kagalasi ka uvuni ngati kanema.
Masokosi ali pahita akutentha bwino,
ndavala awiri osafanana, zala za kuphazi zikuthokoza.
Pazenera, m’kachigubu ka yogati,
kambuzi uja tinabwera naye njere mu envelopu
watulutsa duwa limodzi loyera, lochepa ngati batani.
Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikumutembenuzira
kumene dzuwa likanakhala likanakhalapo.
Ndamuuza kuti zikomo. Palibe wandimva.

Fungo layamba ndi pansi pa chitseko,
lakwera makatani, lalowa m’jekete zapakhoma.
Alamu ili chete. Ndaiyang’ana, nayo yandiyang’ana.

Ndabaya ndi mpeni pakati, watuluka woyera.
Pamwamba pang’ambika ngati dambo la mu Okutobala,
mbali imodzi yapserera pang’ono,
ija imayang’ana kumbuyo kwa uvuni; imeneyo ndi yanga.

Chidutswa china ndatsika nacho pansi pa sosala.
Mayi Halina atafuna nthawi yaitali, maso kudenga,
akuti chikusowa jamu wa maula a kwawo.
Sosala yabwerera ndi nkhaka ziwiri za m’botolo,
zowawasa zogwedeza makutu.
Malonda amenewa sindikudziwa wapindula ndani.

Cha m’ma eyiti kiyi walira pachitseko.
Dingase, yunifolomu ya chipatala mkati mwa chijasi,
ambulera ikudontha pakapeti, waima, wanunkhiza.
Sanavule ngakhale nsapato.
Wabenthula ndi zala, choimirira,
nyenyeswa zikugwera pabaji ya dzina lake.

“Mchere wachepa,” watero.

Ine chete, ndikutsuka chitini chotsukatsuka kale.
Kumbuyo kwanga ndamva kabati ikutseguka,
mpeni ukukhudza mbale,
kachiwiri.